Funsani Aphunzitsi: Kompyuta Ikalephera Samu ya ku Pulayimale

Masiku onse mumandifunsa za foni yotentha potchaja ndi bandulo yotha isanakwane nthawi yake. Mwezi uno zasintha. Anthu asanu osadziwana alemba za nyama imodzi, ya momwe kompyuta imasungira manambala okhala ndi kadontho, kungoti wina waigwira mchira, wina mwendo. Makalata awo ndawaika pamodzi. Khalani ndi pensulo pafupi, pali potifunika kulemba.

Aphunzitsi, ndili chaka choyamba ku koleji ndipo tayamba kuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Ndinalemba 0.1 + 0.2, kompyuta n'kuyankha 0.30000000000000004. Laputopuyi ndinagula yakale ku Limbe. Kodi anandigulitsa yakufa? — Mnyamata wa ku Zomba

Mphwanga, usapite kukakangana ndi wogulitsayo. Ngakhale utagula yatsopano ya m'katoni, yankho likhala lomwelo. Ukalemba samu yomweyo mu JavaScript upezanso 4 yemweyo kumapeto.

Ndikuuze za agogo anga aakazi. Kwacha inabwera mu 1971, koma iwo mpaka tsiku lomwalira ankawerengabe mashereni ndi makobiri. Shereni imodzi inali makobiri 12. Akatipatsa shereni ana atatu, aliyense ankatenga makobiri 4, nkhani n'kutha. Ndalama zitasintha, shereni yomweyo inakhala 10 tambala. Gawira ana atatu 10 tambala uone: aliyense 3, imodzi yatsala, ndewu yayambika. Papepala ulemba 3.3333 mpaka inki kutha. Ndalamayo sinachepe ndipo sinachuluke. Chinasintha ndi kawerengedwe basi. 12 amagawika ndi 3, pomwe 10 amagawika ndi 2 ndi 5 okha.

Kompyuta nayo ili ndi kawerengedwe kake, binary, ka 0 ndi 1. Ife kuseri kwa kadontho timaika magawo a 10, a 100, a 1000. Iyo imaika theka, kota, 1/8, 1/16, kumangodula pakati. Choncho imalemba bwinobwino 0.5 kapena 0.75, koma gawo limodzi mwa magawo 10 limaikanika, chifukwa mu 10 muli 5 ndipo 5 sungamupeze podula zinthu pakati. Kwa kompyuta 0.1 ali ngati 10 tambala ya ana atatu ija.

Yesa wekha. Chulukitsa ndi 2, ulembe nambala yomwe yatuluka kutsogolo kwa kadontho, upitirize ndi zotsalazo. 0.1 akhala 0.2, lemba 0. Kenako 0.4, lemba 0. Kenako 0.8, lemba 0. Kenako 1.6, lemba 1, watsala ndi 0.6. Kenako 1.2, lemba 1, watsala ndi 0.2. Waona? Wabwerera pa 0.2 pomwe unadutsa kale, ndipo uzingozungulira ngati ng'ombe yomangidwa pachikhomo. Mu binary 0.1 ndi 0.0001100110011... osatha.

Malo osungira nambala ali ndi malire, ndiye kompyuta imadula n'kusendeza ku nambala yapafupi yomwe ingathe kusunga. Iwe ukalemba 0.1, iyo imasunga 0.1000000000000000055511151231257827 ndi manambala ena otsatira. 0.2 nayenso amapitirira pang'ono. Ukaphatikiza awiriwa, yankho limasendezedwanso n'kugwera pa 0.3000000000000000444. Koma ukalemba 0.3 mwachindunji, chomwe chimasungidwa ndi 0.2999999999999999889. Manambala awiriwa ndi oyandikana nyumba, palibe wina pakati pawo, komabe si munthu mmodzi. Python imakuonetsa 4 uja kuti udziwe kuti wagogoda khomo loyandikana.

Pa ndalama zonse zoyambira 1 tambala kufika 99 tambala, binary imasunga ndendende zitatu zokha: 25, 50 ndi 75. Zina zonse 96 n'zoyerekeza.

Aphunzitsi, mayeso ali pafupi. Atiuza kuti tidzasandutsa nambala ngati −13.625 kukhala IEEE 754 single precision, komanso kubweza. M'kalasi ndimamva, ndikakhala ndekha zimandisokonekera. — Mtsikana wa ku Mzuzu

Mwana wanga, zimasokonekera chifukwa ambiri amaloweza masitepe osadziwa kuti bokosilo lagawidwa bwanji. IEEE 754 ndi dongosolo la floating point, momwe makompyuta amasungira manambala okhala ndi kadontho. Single precision ndi mabiti 32, ndipo biti ndi malo amodzi osunga 0 kapena 1. Biti yoyamba ndi sign: 0 ngati nambala ndi ya pamwamba pa ziro, 1 ngati ndi ya pansi. Mabiti 8 otsatira ndi exponent, yomwe imanena kuti kadontho kayenda masitepe angati. Mabiti 23 otsala ndi manambala enieniwo, ena amati mantissa, ena fraction. Dzina loti floating point likuchokera pamenepa: kadontho sikakhala malo amodzi, kamayandama, ndipo exponent ndiye amasunga adiresi yake.

Tiyeni ndi −13.625 wakoyo. Iwala kaye za minus. 13 mu binary ndi 1101, kutanthauza 8 ndi 4 ndi 1. Kwa 0.625 chita monga tachitira pamwambapa: 1.25, lemba 1, 0.5, lemba 0, 1.0, lemba 1. Zatha, palibe chotsala. Ameneyu ndi wofatsa, sazungulira, chifukwa 0.625 ndi 5/8. Aphunzitsi ako anamusankha dala. Tsono tili ndi 1101.101.

Sendeza kadontho kumanzere mpaka kutsogolo kwake kutsale 1 mmodzi yekha. Kayenda masitepe atatu, ndipo tapeza 1.101101 kuchulukitsa ndi 2 wokwezedwa ku mphamvu 3. Pa 3 ameneyo wonjezera 127, yomwe imatchedwa bias, upeze 130, mu binary 10000010. Bias anaiika kuti ma exponent a pansi pa ziro, a manambala aang'ono ngati 0.001, alowe m'mabiti 8 aja popanda minus wawowawo.

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. 1 wa kutsogolo kwa kadontho salembedwa. Popeza nthawi zonse amakhala 1, okonza dongosololi anaona kuti n'kuwononga malo kumusunga, ngati kulemba "Malawi" pa envulopu yochokera ku Mzuzu kupita ku Karonga. Umangolemba 101101 n'kudzaza maziro mpaka mabiti akwane 23. Yankho lonse:

1 10000010 10110100000000000000000

Ukawagawa anayianayi, mu hexadecimal, kalembedwe kachidule komwe chizindikiro chimodzi chimaimira mabiti anayi, ndi C15A0000.

Kubweza ndi njira yomweyo choyenda chafutambuyo. Akakupatsa 42C80000, tambasula: 0 10000101 1001 kenako maziro. Sign ndi 0. Exponent ndi 133, chotsa 127, watsala ndi 6. Bwezeretsa 1 wobisika uja: 1.1001, yomwe ndi 1 kuphatikiza theka kuphatikiza 1/16, kapena 1.5625. Chulukitsa ndi 64, yemwe ndi 2 wokwezedwa ku mphamvu 6 ija. Yankho ndi 100. Nthawi yomwe ndinkachonga mapepala, zolakwa zinali ziwiri zomwezo chaka ndi chaka: kuiwala 1 wobisika, ndi kuiwala kuchotsa 127.

Double precision ndi chimodzimodzi, bokosi lokha ndi lomwe lakula: mabiti 64, exponent 11, fraction 52, bias 1023. Ukumbukirenso kuti exponent ya ma 1 okhaokha inasungidwira infinity (nambala yopanda malire) ndi NaN (chizindikiro choti yankho si nambala), ndipo ya maziro okhaokha ndi ya ziro ndi manambala ang'onong'ono kwambiri omwe alibe 1 wobisika.

Akakufunsa za mbiri, dongosololi linavomerezedwa mu 1985. Chisanafike chaka chimenecho opanga makompyuta IBM, DEC ndi Cray aliyense anali ndi kasungidwe kake, moti pulogalamu imodzi inkatha kupereka mayankho osiyana pa makina osiyana. William Kahan wa ku yunivesite ya California ku Berkeley, yemwe anathandiza Intel kukonza chipu cha 8087 cha mu 1980, ndiye anatsogolera ntchitoyi, ndipo mu 1989 analandira mphoto ya Turing.

Aphunzitsi, ndine msungichuma wa gulu lathu la banki m'khonde, ndipo mwana wanga anandiphunzitsa Excel. Pogawana ndalama, zophatikiza zimaperewera ndi tambala imodzi kapena ziwiri. Nthawi zina manambala awiri amaoneka ofanana koma Excel imati sakufanana. Komanso ndikalemba nambala yaitali ya akaunti, kumapeto imasanduka ziro. Amayi ena ayamba kundiyang'ana ndi diso lina. — Mayi wa ku Mchinji

Mayi, pepani. Tambala masiku ano sigula ngakhale kamtengo kamodzi ka machesi, koma ikasowa m'buku la gulu imatha kudanitsa anthu omwe akhala akupemphana mchere zaka makumi awiri. Mwatchula mavuto atatu, ndipo akuba ake ndi osiyana.

Loyambalo si la binary ayi, ndi la agogo anga lija. Mukagawa K100,000 kwa anthu atatu, Excel imakuonetsani 33,333.33 koma mkati imasunga 33,333.3333 ndi ma 3 ena ambiri. Inu mumapereka zomwe mukuona, katatu, n'kukwana 99,999.99, pomwe Excel ikuphatikiza zomwe yabisa n'kupeza 100,000. Mankhwala ake ndi kulamula kuti nambala idulidwedi, osati kungooneka yodulidwa. Uzani mwana wanuyo alembe =ROUND(A1/3,2) pa gawo la munthu aliyense. Tambala yotsalayo gulu ligwirizane pamsonkhano kuti ipita kuti, zilembedwe. Imeneyo ndi nkhani ya malamulo a gulu, kompyuta singakuweruzireni.

Lachiwirilo ndiye la binary lenileni. Lembani =1*(0.5-0.4-0.1) mu Excel. Mwana wa Sitandade 5 ayankha ziro. Excel ikupatsani -2.78E-17, kanthu kochepetsetsa, kadontho kenako maziro 16 nambala isanayambe. N'fumbi lotsala chifukwa 0.4 ndi 0.1 sanasungidwe ndendende. Maso saliona, koma mukafunsa ngati manambala awiri ali ofanana, kompyuta imaona fumbilo n'kukana. Apanso ROUND mbali zonse ziwiri musanafananize.

Lachitatulo likuchokera pa malire a bokosi. Excel imasunga manambala mu double precision ndipo imangosamala manambala 15 oyamba. Wa 16 ndi otsatira imawasandutsa maziro, ndipo akapita apita, sabwereranso. Nambala ya akaunti si yowerengera, ndi dzina chabe. Palibe amene amaphatikiza maakaunti awiri. Musanailembe, yambani ndi kachizindikiro aka ' kapena sankhani Text pa bokosilo. Zimenezi zitetezanso ziro woyamba wa nambala za foni.

Diso lomwe akukuyang'ananilo ndimalidziwa, chifukwa ndinaliikitsapo pa munthu wosalakwa. Zaka zapitazo ndinalembera kalabu ina ya alimi kapulogalamu kosungira ndalama za zokolola. Mwa ulesi ndinasankha single precision. Poyesa ndi ndalama zing'onozing'ono zonse zinkayenda bwino, ndinalandira malipiro anga n'kumapita. Nyengo yogulitsa itafika, zophatikiza za pakompyuta zinayamba kusiyana ndi za m'kope la msungichuma, bambo wachikulire, tcheya wa mpingo. Komiti inakhulupirira makina. Anandiitana kuti ndikatsimikize kuti bamboyo wadya ndalama. Ndinakhala usiku wonse ndi kope lawo ndi kakyuleta, ndipo kunacha nditapeza kuti kope linali lolondola mpaka tambala yomaliza. Wakuba ndinali ine.

Chinachitika n'chiyani? Manambala a floating point sanayalidwe motalikirana mofanana. Pafupi ndi ziro ali mothithikana ngati nyumba za ku Ndirande, koma mukamakwera amatalikirana, ndipo mpata umawirikiza kawiri nthawi iliyonse nambala ikawirikiza kawiri. Mu single precision, mukangodutsa K131,072 mpata pakati pa manambala oyandikana umafika 1/64 ya kwacha, kuposa tambala imodzi. Mukadutsa K16,777,216 makinawo amalumpha awiriawiri, moti 16,777,217 kulibeko n'komwe. Muwonjezere K1 pa 16,777,216, yankho likhalabe 16,777,216. Kale ndalama zimenezo zinali za boma. Lero ndi mtengo wa galimoto yakale. Ndinakapepesa pamaso pa komiti yonse, ndipo bamboyo anangoti, "Mwana wanga, ine kope langa silifuna magetsi."

Excel yanu ili bwino kuposa pulogalamu yanga ija, chifukwa double precision imawerenga manambala athunthu osalumpha mpaka 9,007,199,254,740,992, ngakhale Excel imangosamala manambala 15 oyamba aja. Gulu lanu likadzafika pamenepo mudzandiitane. Koma kwa anyamata olemba mapulogalamu a ndalama amene akuwerenga tsamba lino: sungani matambala ngati nambala yathunthu, K1,250.75 ikhale 125075, kadontho muzikaika posindikiza pokha. Apo ayi gwiritsani ntchito decimal ya mu Python, BigDecimal ya mu Java, kapena DECIMAL ya mu SQL.

Akulu, ine ndimalemba mapulogalamu. Ngati 0.1 sasungidwa ndendende, bwanji ndikamusindikiza amatuluka 0.1 woyera bwino? Kompyuta ikundinamiza? — Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

Achimwene, funso lanuli ndi lomwe landisangalatsa kwambiri, chifukwa ntchito yovuta ili pamalire pomwepa: polowa, malemba a decimal akamasanduka mabiti, ndi potuluka, mabiti akamasandukanso malemba.

Sikukunamizani, ikukuuzani dzina lalifupi. Lamulo lomwe zilankhulo zambiri zimatsata lero n'lakuti: sindikiza manambala ochepetsetsa amene, munthu akawalembanso, abwerera pa mabiti omwewo. Mukalemba 0.1 mumafika pa mabiti ena ake, choncho mabiti amenewo akafuna kutuluka, "0.1" akukwanira kuwatchula osawasokoneza ndi ena. Zili ngati kuitana munthu ndi dzina la bambo ake lokha pamudzi pomwe palibe wina wa dzinalo. Pa 0.1 + 0.2 dzina lalifupi "0.3" linatengedwa kale ndi woyandikana naye, ndiye pamafunika dzina lonse la manambala 17.

Sizinali choncho kale. Python isanafike pa 3.1 mu 2009, mukalemba 0.1 inkayankha 0.10000000000000001, chifukwa inkangotulutsa manambala 17 nthawi zonse. 17 ndi chiwerengero chotsimikizika: double aliyense mukamulemba ndi manambala 17 n'kumuwerenganso, abwerera wosasintha. Kwa single ndi 9. Ulendo wa mbali inayo, kuchoka ku decimal kupita ku binary n'kubwerera, double amasunga manambala 15, single 6. 15 wa Excel uja akuchokera pamenepa. Tsono mukamatumiza manambala mu fayilo ya malemba ya CSV kuti pulogalamu ina iwawerenge, musawadule pa 6 kapena pa 10 kenako n'kumadabwa.

Kupeza dzina lalifupilo molondola komanso mwachangu kwadya anthu mitu. Guy Steele ndi Jon White anasindikiza njira yawo mu 1990, chaka chomwechonso William Clinger analemba za mbali yowerenga, ndipo David Gay analemba pulogalamu ya C yomwe Python inadzatengera. Florian Loitsch anabweretsa njira yotchedwa Grisu mu 2010, Ulf Adams anabweretsa ina yotchedwa Ryu mu 2018. Zaka pafupifupi 30 anthu akulimbana ndi kusindikiza nambala! Kuvuta kwake n'kwakuti nthawi zina nambala imagwera pafupi kwambiri ndi pakatikati pa oyandikana awiri, ndipo kuti mudziwe koyenera kugwera mumafunika kuwerengera manambala ambirimbiri.

Ndipo akuluakulu omwe amapunthwa. Kumayambiriro kwa 2011 kunadziwika kuti PHP, chilankhulo china cholembera mapulogalamu, pa makina ena imazizira, kuzungulira osatuluka, ikangopatsidwa 2.2250738585072011e-308 kuti iwerenge. Patangopita milungu yochepa Java inapezeka ndi matenda ofanana pa nambala yothera 12 m'malo mwa 11. Munthu ankatha kugwetsa seva pongoitumizira nambala. Excel 2007 nayo itangotuluka, 850 kuchulukitsa ndi 77.1 inkaonetsa 100000 m'malo mwa 65535. Mkati yankho linali bwino, cholakwika chinali posandutsa mabitiwo kuti aoneke pa sikirini.

Kamodzi kokha kowonjezera, poti mudzakumana nako: round(2.675, 2) mu Python imapereka 2.67. Musalembere kalata eni ake. Chomwe chasungidwa ndi 2.67499999999999982, ndipo chimenecho chili pansi pa theka.

Aphunzitsi, ine ndinapuma ntchito ya uphunzitsi wa masamu. Mdzukulu wanga amandiuza za tizolakwa ta pa malo a 17 kuseri kwa kadontho. Kodi si masewera a anthu a makompyuta amenewa? Alipo anavulalapo? — Bambo wa ku Ntcheu

Bambo, pa ntchito zambiri mukunena zoona. Womanga nyumba kapena woyeza munda sadzakaona kafumbi ka pa malo a 17, ndipo kwa iwo double precision ndi yokwanira n'kutsalako. Koma inu mukudziwa kuposa ine kuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pa 4 Juni 1996 roketi yoyamba ya Ariane 5 inanyamuka ku Kourou, ku French Guiana, n'kuphulika patangotha masekondi pafupifupi 40. Pulogalamu yomwe anaitengera ku Ariane 4 inkasandutsa nambala ya floating point ya mabiti 64 kuti ilowe m'bokosi la mabiti 16, lomwe malire ake ndi 32,767. Roketi yatsopanoyo inkathamanga cham'mbali kuposa yakale, nambala inakula, bokosi linachepa. Mwamwayi munalibe anthu.

Ku Dhahran, ku Saudi Arabia, kunalibe mwayi wotero. Pa nkhondo ya ku Gulf, makina a Patriot a asilikali a America ankawombera mizinga ya Scud yochokera ku Iraq isanagwe. Wotchi ya makinawo inkawerenga nthawi m'magawo a 0.1 a sekondi, ndipo pofuna masekondi inkachulukitsa chiwerengerocho ndi 0.1 wosungidwa m'mabiti 24. Kunena molondola, uku kunali kusunga kwa kadontho kokhazikika, osati koyandama, koma 0.1 wake ndi yemwe uja wosatha, 0.0001100110011, wodulidwa mchira. Chodulidwacho chinali pafupifupi 0.000000095 pa kugunda kulikonse kwa wotchi.

Tengani choko, bambo. Makinawo anali atayaka maola pafupifupi 100 osazimitsidwa. Maola 100 ndi masekondi 360,000, kugunda 3,600,000. Chulukitsani ndi 0.000000095, mupeza masekondi 0.34. Scud imathamanga mamita oposa 1,600 pa sekondi, choncho pa nthawi imeneyo imakhala itayenda kupitirira theka la kilomita. Pa 25 Febuluwale 1991 radar inaona mzinga, inawerengera pomwe uyenera kuonekeranso, inayang'ana malo olakwika, sinapeze kanthu, ndipo makinawo sanawombere. Mzingawo unagwera nyumba yogona asilikali n'kupha anthu 28.

Vutoli linali litadziwika kale. Asilikali a Israel anali ataona milungu iwiri m'mbuyomo kuti makinawo akayaka maola ambiri amayamba kuphonya, ndipo kuwazimitsa n'kuwayatsanso kunkabweza wotchiyo pa ziro. Pulogalamu yokonzedwa inali m'njira. Inafika ku Dhahran pa 26 Febuluwale.